Wogwirira Ena Kandulo

Munthu akamwalira m'wodi yathu ya odwala mwakayakaya, abale ake safunsa kuti wafa ndi chiyani. Zimenezo amadzafunsa pambuyo, akayamba kufuna womuloza chala. Funso loyamba, pomwepo pachitseko chagalasi, limakhala lomwelomwelo, kaya wofunsayo ndi mbusa wa nkhosa wotsika kuphiri kaya ndi mphunzitsi womanga tayi: "Wapita ndi kandulo?"

Kwathu kuno, kumpoto kwa Romania, munthu sapita chimanjamanja. Mpweya ukamatha, pamafunika wina amugwiritse kandulo yoyaka m'dzanja kuti aione njira. Wopita wopanda kandulo amati amangopapasa mumdima wandiweyani, ndipo otsala mtima sukhala m'malo. Ine sukulu ndaphunzira mpaka kutopa nayo, koma mayi anga akamadzatsirizika ndidzayatsa, woseka adzaseke.

Vuto ndi lakuti m'wodi mwathu mpweya wa okosijeni uli paliponse, m'mapaipi, m'mphuno mwa odwala, m'zofunda momwe. Kamoto ka machesi kangathe kupsereza bedi, wodwala, ndi ife tomwe. Abale nawo amangololedwa kusuzumira pang'ono n'kutuluka. Choncho lamulo linkati moto ayi, mwambo n'kumati moto inde, ndipo pakati pa ziwirizi panaima mayi Veturia Hodoș kuyambira ali namwali mpaka imvi zitadzaza mutu.

Anali mayi wamfupi, wojintcha, miyendo yotupa mitsempha chifukwa choimirira, tsitsi lodula ngati la msilikali. Pakamwa pawo panali poyabwa. Tsiku loyamba langa pantchito anandipeza ndikulimbana ndi diripu, n'kuti, "Iwe mtsikana, singano imeneyo ukulowetsa ndi maso kapena ndi chigongono? Tasuntha." Ndinakalirira kuchimbudzi. Ambiri tinalirirako kumeneko chifukwa cha iwo, ndipo nthawi ya chakudya ikakwana tinkawasiya adye okha pawindo, mkate wawo ndi kachidutswa ka tchizi. Iwo sankaoneka odandaula, nafe sitinkafunsa.

Kale, wodwala akayamba kutsirizika, ankapita kumapeto kwa khonde, m'kachipinda kotsukiramo ziwiya komwe kulibe okosijeni, n'kuyatsa kandulo yeniyeni ya phula, chitseko n'kuchisiya chotsekula pang'ono kuti kuwala kuzifika. Sizinkawakhutitsa, poti kandulo ya kutali si ya m'dzanja. Kenako kunabwera timakandulo ta mabatire, tija anthu amaika kumanda kuti mphepo isazimitse. Anagula kamodzi n'kupita nako kwa wansembe kukafunsa ngati Mulungu angakalandire. Wansembeyo akuti anakanda ndevu, n'kukatembenuza uku ndi uku.

"Kamayaka?"

"Kamayaka, abambo."

"Nanga mukufuna ine ndinene chiyani?"

Kuyambira pamenepo m'thumba la yunifomu yawo simunkasowa kandulo. Makina akayamba kulira mosintha, madokotala atachita zonse zimene akanatha, iwo ankafika chete, n'kuika kandulo m'dzanja lamanja la wodwalayo, n'kupinda zala zake, kenako n'kuphimba ndi dzanja lawo, poti dzanja la munthu wotsirizika siligwira kanthu palokha. Ankakhala choncho mpaka zitatha. Madokotala ankayang'ana kumbali ngati sakuona. Ndiye pachitseko chagalasi paja yankho lawo linali lalifupi: "Wapita nayo. Ndamugwirira ine." Ndaonapo amuna akuluakulu akupsompsona dzanja lawo lonunkha mankhwala, iwo n'kulilanda msangamsanga ngati apsa.

Chaka chimene anapuma pantchito ndi chimene ine ndinabwerera kusukulu ku Cluj, ndikugwirabe ntchito. Gulu lathu linapatsidwa kafukufuku wofuna kudziwa zimene anamwino a m'mawodi ngati yathu amachita m'maola omaliza a wodwala, zija sizilembedwa m'buku lililonse. Aliyense anayenera kucheza ndi anamwino a kwawo, kujambula mawu awo, n'kukawalemba. Wotiyang'anira anali mayi wina wamagalasi, Pulofesa Mărginean, ndipo anatipatsa lamulo limodzi lotithandiza kudziwa poimira: ukaona kuti ofunsidwa ayamba kubwereza zimene wamva kale, ndiye kuti wakhuta, tseka makina uzipita.

Ndinawaimbira foni mayi Veturia mtima uli m'mwamba.

"Kafukufuku? Odwala mwatopa nawo, tsopano mwayamba kufufuza ife?"

"Ndi mafunso ochepa chabe, mayi."

"Bwera Lachinayi masana. Usabwere utadya."

Ankakhala pamwamba penipeni m'nyumba yosanja, imodzi mwa zija zinamangidwa nthawi ya mafakitale. Theka la mawindo ake linali lotseka chaka chonse, eni ake ali ku Italy ndi ku Spain. Pamasitepe pankangomveka nsapato zanga. M'khitchini mwawo, poanika mbale panali mbale imodzi, supuni imodzi, kapu imodzi. Yanga anakaitulutsa m'kabati yagalasi, n'kuyamba aitsuka fumbi. Pakhoma panali chithunzi cha mwana wawo mmodzi yekhayo, Codruța, amene ankagwira ntchito ku Torino, ku Italy, yosamala gogo wina m'nyumba mwake.

"Amamusambitsa, amamudyetsa ndi supuni, amamupesa," anatero akundithirira supu wowawasa wa nyemba. "Ngwamwayi gogo ameneyo. Ine mwana wanga ndimamumva Lamlungu lokha, pafoni. Idya, wauma ngati ndodo ya diripu."

Ndisanayatse chojambulira mawu ndinawafotokozera zonse monga tinaphunzitsidwira: kuti dzina lawo silidzatchulidwa, kuti ali ndi ufulu wokana funso, ndiponso za lamulo la kukhuta lija. Anaimitsa chipande m'mwamba.

"Ndiye ndikabwereza nkhani, basi watha?"

"Ndiye kuti zakwana."

"Oho."

Tsiku limenelo anandiuza nkhani imodzi yokha, n'kuti atopa, ndibwere Lachinayi linalo. Lachinayi linalo anandiuzanso imodzi. Munthu amene pantchito mawu ankachita kuwawerenga ngati mapiritsi, apa nkhani ankaikoka, kuipinda, kuiwotha, ndipo sanabwerezepo ngakhale kamodzi. Anandiuza za mbusa wina amene anamugwirira kandulo madzulo onse, munthuyo n'kutsekula maso, kuyang'ana kandulo, n'kufunsa ngati angayatsirepo fodya. Anachira ameneyo, ndipo chaka chilichonse ankawabweretsera tchizi. Anandiuza za bambo wina wa mpingo wosayatsa makandulo, amene mkazi wake anawakalipira pamaso pa wodi yonse, ndipo kuyambira pamenepo anaphunzira kuyamba afunsa. Anandiuza za munthu wopanda dzina amene anatoledwa pasiteshoni ya sitima, yemwe pachitseko chagalasi sipanabwere womufunsa. "Ameneyo ndiye ndinamugwira kwambiri," anatero. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Chilimwe chinatha, masamba anayamba kuyoyoka. Pulofesa Mărginean anandiyang'anira pamwamba pa magalasi.

"Otilia, anzako amaliza anamwino awo onse. Iwe ukadali pa mmodzi?"

"Sanabwereze, apulofesa."

"Namwino ameneyo wagwira ntchito zaka mazana angati?"

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinali ndi ana awiri, ntchito, sukulu, ndi mwamuna amene dzira lomwe sadziwa kuwiritsa. Lachinayi lotsatira ndinakwera masitepe aja nditakonzeka kuwauza kuti mayi, pano ndiye pothera. Ndinawapeza atakulunga kale nyama m'masamba a kabichi, chakudya cha paphwando, ndipo patebulo panali kabotolo ka kachasu wa zipatso za mapulamu. Anandiyang'ana kumaso n'kudziwa.

"Zimitsa kachinthu kakoko. Iyi si ya apulofesa ako."

Ndinazimitsa. Anathira kachasu m'timatambula tiwiri, kawo sanakakhudze.

Mwamuna wawo, Pamfil, ankagwira ntchito kochekera matabwa. Codruța ali wakhanda, chipika chinagubuduka pagalimoto n'kumupsinja pachifuwa, ndipo anamubweretsa m'wodi momwemo, mkazi wake ali pantchito. Nthawi imeneyo makina opumira anali ochepa, choncho iwo ndi amene anagwira thumba lopopera mpweya, kufinya, kusiya, kufinya, kusiya. Mnzawo wina anawanong'oneza za kandulo. Anamukalipira. Kuyatsa kukanakhala kuvomera, ndipo iwo sanavomere mpaka dokotala anachita kuwalanda thumba lija m'manja.

"Apongozi anga anali pachitseko paja. Anandifunsa funso lomwe lija. Ndinanena zoona, Otilia. Ndinali mwana, sindinkadziwa kuti zoona zina umameza."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Namwino wathunthu, mwamuna wako wamusiya apite ngati galu.' Sanapondenso pakhomo panga. Tirigu wophikira mwambo wa maliro anakaphika kwawo, ine osandiitana." Anatembenuza katambula kaja patebulo. "Mpaka lero ndimamulota Pamfil akupapasa khoma la wodi, kufunafuna chitseko. Sandiyankhula. Ndikamuitana amatembenukira kolakwika."

Kunja khwangwala ankalira pa waya wamagetsi.

"Anthu onse amaopa kufera m'wodi muja," anapitiriza. "Ine ndimapemphera kuti ndidzafere momwemo. Bedi la pawindo lija, mundisungire. Muja muli anthu. Muno ukagwa akumva ndani? Wapansi ali ku Spain, wapafupi ndi gonthi. Imfa sindiiopa ayi, ndaiona ili m'kabudula wamkati. Ndikuopa mdima."

"Ndidzakugwirirani ine, mayi."

"Usalonjeze, iwe. Imfa siyang'ana kuti lero ndi Lachinayi." Anamwa kachasu uja kamodzi n'kupukuta pakamwa. "Nkhani zatha. Imeneyi ndiye inali yapansi pa thumba. Ukabweranso ndiyamba kubwereza, ndiye pita ukawauze kuti wakhuta."

Ndinawamvera chisoni kwambiri tsiku limenelo, chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo wosadziwa woulozera. Lachinayi linalo ndinakweranso masitepe, chojambulira nditachisiya kunyumba. Anatsekula chitseko ali ndi juzi yakale, tsitsi losapesa, poanika mbale pali mbale imodzi.

"Waiwala chiyani?"

"Supu."

"Wamisala iwe," anatero, n'kutembenuka msanga kuti ndisawaone kumaso. Tsiku limenelo supu kunalibe. Tinadya mkate ndi anyezi, ndipo potuluka anandipatsa kiyi wa chitseko chawo, ati poti akutopa kudzuka kudzanditsekulira.

Kafukufuku uja anasindikizidwa chaka chotsatira. Ndinapita nawo mapepala ake n'kuwawerengera pomwe panali mawu awo. Anamvetsera maso atatsinzina, kenako anandiimitsa.

"Namwino D ndiye ndani?"

"Ndi inuyo. Mayina timabisa, paja ndinakuuzani."

"Miyendo yonseyi kutupa, malipiro ake kachilembo kamodzi. Bwanji osandipatsa V, n'kadadzizindikira ndekha?" Anaseka, koma mapepalawo sanandibwezere. Anawaika pashelefu, pansi pa chithunzi cha Mayi Maria.

Panali nkhani ina imene ndinkaganiza kuti iwasangalatsa koposa. Akuluakulu a chipatala chathu, atawerenga zimene tinapeza, analamula kuti m'kabati ya pambali pa bedi lililonse muzikhala kandulo ya mabatire, ndiponso kuti abale azifunsidwa tsiku loyamba lomwelo ngati mwambowu ndi wawo. Chinthu chimene iwo ankachita mobisa, tsopano namwino aliyense watsopano ankaphunzitsidwa. Ndinawauza ndikumwetulira mpaka m'makutu. Iwo anaweramitsa mutu, kuyang'ana manja awo.

"Ndiye kuti zayenda popanda ine."

"Zayenda chifukwa cha inu, mayi."

"N'chimodzimodzi." Patapita kanthawi anadzutsa mutu, liwu lakale lija litabwerera. "Mabatire mukumayang'ana? Kandulo ya m'kabati imafa yokha munthu osadziwa. Ndiye uwauze atsikana akowo kuti si yongoika m'dzanja n'kupita kukamwa khofi. Agwire. Kandulo payokha ndi pulasitiki."

Nyengo yachisanu imeneyo miyendo inawavuta, masitepe anasiya kutsika. Zogula ndinkawabweretsera ine, ndipo pa zimene ankandituma mabatire sankasowapo. Ndinkangoti mwina ndi a wailesi. Tsiku lina chipale chofewa chikugwa, m'khitchini muli kamdima ngakhale anali masana, ndinaona thumba la juzi yawo likuwala pang'ono, kuwala kwachikasu kophethira.

"Mwaiwala kuzimitsa."

"Sindinaiwale."

Kandulo ija ankaiyatsa akangodzuka, n'kumayenda nayo m'thumba tsiku lonse, kuchimbudzi, kuchitofu, pawindo pomwe ankakhala kuonerera basi ikutsitsa anthu osabwera kwa iwo. Pogona ankaifumbata. Anandiuza zimenezi mopanda manyazi, ngati mmene ankatiuzira kuchuluka kwa mankhwala. Ndinayesa kuwanyengerera kuti abwere adzakhale kwathu mpaka chisanu chithe. Anakana. Ndinayesa kuti ndimuimbire Codruța.

"Umusiye mwana. Akasiya ntchito adya chiyani, makandulo? Mlendo ndi mame, Otilia. Iyenso akabwera pa Pasaka ndi mlendo."

Pasaka sanamufike. Lachinayi lina chipale chitayamba kusungunuka, madzi akudontha m'madenga, ndinagogoda koma sanayankhe. Wailesi inali chete. Ndinatsekula ndi kiyi uja, ndipo fungo linandiuza zonse ndisanafike kukhitchini, poti ntchito yathu mphuno imaphunzira.

Anali pansi, pakati pa tebulo ndi chitofu, atatsamira mwendo wa tebulo. Patebulo panali mbatata yosenda theka, itada, ndi mpeni. Dokotala amene anabwera pambuyo pake anati zinachitika kumayambiriro kwa sabata, ndipo kuti mtima sunawapatse nthawi yaitali. Koma nthawi yochepayo anaigwiritsa ntchito. Kandulo sinali m'thumba. Inali m'dzanja lamanja, zala zitapindidwa bwinobwino, ndipo dzanja lamanzere linali pamwamba, litaphimba linzake, monga ndinawaonera akuchitira anthu osawerengeka. Inali itazima, mabatire atatha. Ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwake. Kabatani kanali koyatsa.

Ndinakhala nawo pansi pomwepo kanthawi ndithu. Bedi la pawindo lija sabata imeneyo linali lopanda munthu, ndipo ndikakumbukira zimenezi mpaka pano mtima umandiwawa.

Codruța ndinamuimbira ndili pamasitepe. Anayankha monong'ona, kumbuyo kwake kukumveka mbale ndi wailesi yakanema yolankhula Chitaliyana. Nditamuuza sanakuwe. Anapuma kawiri katatu, kenako anafunsa, mwana wa kwathu, funso la pachitseko chagalasi.

"Apita ndi kandulo, achemwali?"

"Apita nayo."

"Mulungu ngwabwino," anatero. "Mwawagwirira ndinu?"

Ndinakumbukira za zoona zija zofunika kumeza. Kunena kuti inde kunali kosavuta, ndipo palibe akanadzanditsutsa. Koma ntchito imeneyo sindinaigwire ine, ndipo mayi amene anachotsedwa kale dzina n'kusanduka kachilembo sindikanawalandanso yomalizayi.

"Ayi, Codruța. Adzigwirira okha."

Pamenepo ndiye analira. Ndinangogwira foni kukhutu, nditakhala pasitepe yozizira, m'nyumba yonse yosanjayo mulibe chitseko chotsekuka. Kumbuyo kwake ndinkamva gogo uja akumuitana dzina, kuti abwere adzamudyetse.